Madala ndi Njinga ya Pachipale Mumchenga wa ku Doha

Chinthucho ndinachipeza chili kale m'galaja, kuseri kwa magalimoto, chitafundidwa chinsalu chafumbi. Ndinali nditangoyamba kumene ntchito yoyendetsa galimoto pa nyumba ina ku Al Hilal, zaka zija mabwalo a mpira a mu Doha anali akadali maenje ndi zitsulo. Nditavundukula chinsalucho ndinangoti kukamwa yasa. Njinga yamoto si njinga yamoto, thirakitala si thirakitala. Kutsogolo kunalibe matayala, kunali mapazi awiri aatali opindikira m'mwamba kunsonga. Kumbuyo kunali chilamba chachitali cha labala, cha mano otalika ngati zala za munthu wamkulu. Ine ndakulira m'magalaja a ku Biwi, ku Lilongwe, ndipo ndinkadzitama kuti palibe chokhala ndi injini chimene sindinachipasuleko. Koma ichi ayi, chinandiposa.

"Musachiope achimwene, sichiluma," anatero munthu wina kumbuyo kwanga, m'Chichewa chenicheni.

Anali mlonda wa pageti, Mmalawi mnzanga wa ku Dedza, bambo wamfupi wa imvi m'mbali. Pa nyumbapo abwana ankawaitana kuti baba, ine ndinkangoti madala. Ndi iwo anandifotokozera kuti imeneyi ndi njinga ya pachipale chofewa, yokwerera mapiri kumayiko ozizira. Abwana anaikwera kumeneko ali patchuthi, inawalowa mumtima, anagula n'kuitumiza pa sitima yapamadzi. Itafika kuno m'pamene anakumbukira kuti ku Qatar chipale chimapezeka mufiriji mokha. Anaiyesako kamodzi kumchenga, injini inatentha, lamba ananunkha, basi anaifunda nsalu.

Madala ndinazolowerana nawo msanga. Anali munthu wanthabwala, koma ndinaona kanthu kena mwa iwo. Ndikaimika galimoto n'kulowa m'nyumba, ndinkawapeza akuipukuta pomwe ndapukuta kale, dzanja limodzi litalowa pawindo, lili pachiwongolero. Akakhala pampando wawo wa pageti, galimoto ikamadutsa mumsewu, dzanja lawo lamanzere linkasintha magiya m'malere. Tsiku lina ndinawafunsa, ndipo anandiuza. Kwawo anayendetsa matola zaka zambirimbiri, kunyamula anthu ndi matumba a kachewere kuchokera ku Mayani, kudutsa pa Linthipe mpaka pa boma. Kuno anabwera akudziwa kuti adzayendetsa galimoto, koma mayeso a laisensi ya kuno anawakana, maso nawo anali atayamba kuchepa mphamvu. Anangopatsidwa yunifolomu ndi mpando. Chiyambire nthawi imeneyo sanayendetsepo kanthu, ntchito yawo inali kutsegulira geti magalimoto a anthu ena.

Chaka chimene ndikunenachi kontirakiti yawo inali kutha, ndipo anali atatsimikiza zobwerera kumudzi nyengo yozizira ikamatha.

"Ndikakafika, adzukulu akandifunsa kuti agogo, kudziko la magalimoto kuja munayendetsako chiyani? Ndikati geti," anatero akuseka.

Nanenso ndinaseka, koma mawuwo anandipweteka mumtima.

Abwana athu anali munthu wokonda kuseka, wosachedwa kutopa ndi zinthu. Tsiku lina m'mawa analowa m'galaja, n'kuloza njinga ija. Anati ndipeze anthu a zitsulo zakutha adzaichotse, ikungodya malo. Ndisanayankhe, madala anatulukira atavula chipewa.

"Bwana, mutipatseko ife kaye. Mnyamata uyu ndi makaniko."

Mnyamata uyu! Ine wa ana awiri. Ndinawayang'ana ndi diso loti madala, mukundiika pamoto. Abwana anaseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto. Nyengo yozizira, banja lonse limakakhala m'matenti kuchipululu cha kummwera Lachisanu lililonse. Ndiye anati chabwino, ikakayenda kumchenga, n'kumakhota ngati chinthu cha nzeru, matenti asanapasulidwe, ndiye kuti baba ndinu woyamba kuikwera. Kumchengako kulibe msewu, kulibe wofunsa laisensi. Ikakanika, khalas, nkhani yatha, ipite kuzitsulo.

Abwana atatuluka ndinati, "Madala, mwalonjeza chiyani? Ine chipale sindinachionepo."

"Nanga ine ndinachiona? Mutu umodzi susenza denga, achimwene. Tengani sipanala."

Tinayamba choncho. Ndikatula ana a abwana kusukulu ndinkathamangira m'galaja, madala n'kukokera mpando wawo pakhomo la galajalo kuti diso limodzi likhale pageti, lina pa ine. Zoyambirira sizinavute. Mapazi aja tinawachotsa, n'kuikapo matayala awiri onenepa a njinga yamoto ya matayala anayi, omwe ndinakawapeza kumagalaja a ku Sanaiya. Za kutentha kwa injini abwana anatiuza zomwe anaona: kwawo kwa njingayi, chipale chimene lamba amamwaza ndicho chimaziziritsa injini. Ndiye ndinamangirira kumbuyo kwa mpando rediyeta ya kagalimoto kakang'ono, ndi fani yake. Sizinkaoneka bwino, zinali ngati munthu wabereka sutikesi, koma injini inasiya kuwira.

Titafika pa masipuling'i a mkati mwa lamba, madala anadzuka pampando, n'kupinda malaya.

"Apa ndiye pandikhudza. Galimoto ndi msana, achimwene. Msana ukafewa palibe galimoto."

Ndipo ine ndinavomereza ndi mtima wonse, chifukwa ndi mmene tonse tinaphunzirira. Kwathu galimoto yabwino ndi imene imanyamula. Pikapu ikangofika pagalaja, choyamba timaionjezera masipuling'i kumbuyo, ena amakulungako ndi mphira, kuti ikasenza matumba isakhale pansi. Chofewa timachimanga, cholira timachipaka girisi. Ndi lamulo lomwe palibe anatilembera, koma tonse timalidziwa. Ndiye masipuling'i onse a njingayo tinawamanga mpaka pothera. Lamba tinamukoka mpaka analimba ngati chikopa cha ng'oma. Pansi pa njingayo pali njanji ziwiri zomwe lamba amatsetserekapo, zimenezo tinazipaka girisi, chitini chathunthu, osaumira. Titamaliza tinakwerapo tonse awiri n'kudumphadumpha. Sinatsike ngakhale pang'ono.

"Mwaona? Iyi ingasenze matumba asanu ndi mbuzi pamwamba," anatero madala, tikugwirana chanza.

Lachisanu lotsatira tinaikweza pa kalavani, ulendo wa kuchipululu. Pomwe phula amathera ndinaimika galimoto monga mwa nthawi zonse, madala n'kutsika kukaphwetsa matayala. Imeneyi inali ntchito yawo tikamalowa mumchenga, ndipo ankaigwira akunyinyirika. "Anthu olemera zochita zawo! Tayala labwinobwino kuliphwetsa dala. Kwathu ukachita zimenezi akumanga zingwe."

Abwana anati ndiyambe ndayesa ine, njingayo isavulaze nkhalamba. Iwo ndi abale awo anakhala pamakapeti kutsogolo kwa tenti yaikulu, akumwa tiyi wa karak. Ndinavala chisoti, ndinaliza injini, ndinafinya moto. Mayo ine! Chinthucho chinanyamuka ngati chalumidwa ndi mavu. Mano a lamba ankakumba mchenga n'kuuponyera kumbuyo, ine mphepo ili m'kamwa, ndikuseka ndekha. Ndinamva madala akukuwa kumbuyo, "Ndi imeneyo! Ndi imeneyo!"

Nditapita patali ndinati ndibwerere. Ndinapotoza mahandulo kumanja. Njinga inapitirira kutsogolo. Ndinapotoza kumanzere, chimodzimodzi. Matayala akutsogolo ankangopsopsona mchenga, kulemera konse kuli pa lamba, ndipo lambayo ankadziwa njira imodzi yokha. Ndinaima, ndinatsika, ndinaikoka ndi manja mpaka inayang'ana komwe ndinachokera, thukuta lili kamukamu. Ndinakweranso. Koma poikokapo ndinailozetsa bwino kwambiri, inalunjika ndendende pa tenti ya abwana. Ndinati ndikayandikira ndipatuka pang'ono. Kupatuka kwake kuti? Ndinaona mikanjo yoyera ikubalalika, makapu ali m'mwamba, wina akuthawa ndi ketulo m'manja. Ndinagwira mabuleki mochedwa, ndinakola chingwe cha tenti, mbali imodzi inagwa n'kundifunda ndi njinga yomwe.

Nditatulutsa mutu, abwana anali atagwada pamchenga, akulira ndi kuseka. Abale awo ankandijambula ndi mafoni. Palibe anavulala, kupatula ulemu wanga. Koma pansi pa njinga pankatuluka fungo la labala wopserera. Titasuzumira, girisi uja anali atagwira mchenga n'kusanduka phala lokhakhala, lomwe linali litayamba kudya njanji zija.

"Khalas, baba?" anafunsa abwana akupukuta misozi.

"Ayi bwana. Mutipatse Lachisanu linalo."

Lachisanu linalo linali lomaliza. Pambuyo pake matenti ankapasulidwa, ndipo tikiti ya madala inali itatuluka kale. Tinauyamba ulendo wobwerera. Madala, amene ankaseka ngamira iliyonse yomwe tadutsa, sanasekeko ngakhale imodzi, manja ali pamaondo. Ine ndinkaona kuti ndawagwiritsa mwala.

Titafika pomwe phula amayambira, anatsika kukapopa matayala aja. Ndinali pachiwongolero, ndikuwaona pagalasi atanyonyomala. Kenaka pampu inasiya kulira. Anakhala pomwepo, akusisita tayala lophwa lija ndi chikhatho, akuyang'ana mmene laphwatalalira pamchenga. Anadzuka n'kubwera pawindo langa, nkhope itasintha.

"Achimwene, ife tamanga matola."

"Mukuti chiyani madala?"

"Tamanga matola m'dziko lopanda kachewere! Zaka zonsezi ndikuphwetsa matayala ndi manja angawa, ndikuwaseka eni dziko. Mchenga sufuna kulimbana nawo. Kuno amafewetsa."

Ndinawayang'ana, ndinayang'ana tayala, ndipo tonse tinaphulika kuseka mpaka abwana anafunsa kuti kwagwanji. Ndinalephera kuwafotokozera. Ungamuuze bwanji munthu wa ku Doha za matumba a kachewere a ku Mayani?

Sabata imeneyo tinapasula zonse zomwe tinanyadira. Girisi ndinamutsuka ndi parafini mpaka njanji zinauma gwa. M'malo mwake ndinandandalika timatayala ting'onoting'ono m'mbali mwa njanjizo, kuti lamba azigudubuzika m'malo mokhuzika. Lambayo ndinamumasulako kuti apume. Kenaka masipuling'i. Ha, apa panali maliro! Ndikamasula kamodzi, madala ankagwira pamtima. Ndikamasulanso, ankatembenukira kukhoma.

"Basi achimwene, pakwana."

"Sipanakwane madala. Munanena nokha."

"Ndinanena ndi pakamwa, koma mtima sunavomere. Pitirizani, ine ndisaone."

Sipuling'i ya pakati, yomwe ili kutsogolo kwa lamba, ndiyo inali mfiti yaikulu. Titaimanga kwambiri muja inkanyamula mphuno ya njinga, n'chifukwa chake matayala akutsogolo sankagwira pansi. Ndinaifewetsa kuposa anzake. Pafupi nayo pali kachingwe kolimba kokhala ndi mabowo ngati lamba wa buluku, komwe kamakoka kutsogolo kwa njanji. Poyamba sitinakalabadire, tinkayesa n'kokongoletsa. Nditakafupikitsa, ndinaona ndi maso anga kulemera kukusamukira kumatayala akutsogolo. Ndinaitana madala kuti adzaone, ndipo anaomba m'manja ngati ndawaonetsa matsenga.

Chomaliza anachiganiza ndi iwo. Anati mano a m'mphepete mwa lamba ndi aatali kwambiri, akugwira mchenga ngati khasu, ndiye matako a njinga sangatsetsereke pokhota. Tinabwereka mpeni wakuthwa kukhitchini, n'kuyamba kuwafupikitsa m'mbali zonse ziwiri, a pakati n'kuwasiya. Madala ankadula akupepesa. "Pepani agogo, nafenso mano anatha, koma tikudyabe."

Titamaliza anakwerapo okha. Njinga inatsika pang'onopang'ono, n'kudzukanso mwaulemu.

"Asa! Ngati matiresi a kuhotela," anatero akupukusa mutu. "Anzanga a pa siteji atandiona angandilande laisensi ya kwathu yomwe."

Lachisanu lomaliza kunacha bwino, kamphepo kozizira kakuomba kuchokera kunyanja. Pomwe phula amathera madala anatsika kukaphwetsa matayala, ndipo ulendo uno sananyinyirike, ankaimba kanyimbo ka m'mphuno. Kumatenti abale a abwana anali atachuluka kuposa kale, nkhani ya tenti ija inali itawanda. Makapeti anawayala patali ndithu, ndipo wa ketulo uja anakhala pafupi ndi galimoto yake.

Abwana anati ndiyambenso ndine. Ndinali nditatenga kale chisoti pomwe madala anandigwira mkono.

"Ayi achimwene. Ikakana kukhota, ikane ndili pompo. Ndikagwa ndigwe ndekha."

Ndinayang'ana abwana. Anakweza mapewa, n'kunena kuti yalla, kwerani baba. Madala anavula chipewa cha ulonda, n'kundipatsa kuti ndiwasungire. Ndinawamanga chisoti, ndinawaonetsa moto ndi mabuleki, ndinawauza kuti magiya palibe, imasintha yokha. Anati zimenezo ndiye zaulesi. Anakwera n'kugwira mahandulo. Ndinkaopa, ndisaname. Munthu wamkulu, maso ofooka, patsala masiku ochepa kuti akaone ana ake.

Ananyamuka mwapang'onopang'ono, njinga ikugwedezeka, msana wawo uli nganganga. Anayenda choncho kakamtunda. Kenaka ndinaona mapewa akutsika, mutu ukuweramira kutsogolo, injini n'kukweza mawu. Analunjika chulu chachikulu cha mchenga chomwe chinali patsogolo pathu. Anayamba kukwera, ndipo pakati pa chulucho panafika pofunika kusankha: kukhota kapena kupitirira mpaka kukagwera kuseri komwe sitinkakuona. Pamakapeti onse anaimirira. Ine chipewa chija ndinali nditachifinya ngati ndikuchapa.

Madala anapendekera kumanzere, thupi lonse, monga amachitira munthu wodziwa. Mphuno ya njinga inamvera. Matako anatsetsereka, mchenga unauluka m'mwamba, ndipo chinthu chija chinazungulira bwinobwino pamimba pa chulu n'kuyamba kutsika chikutiyang'ana.

Ndinakuwa. Sindikudziwa kuti ndinakuwa chiyani, koma ndinakuwa m'Chichewa, ndikudumpha, chipewa cha madala chili m'mwamba. Abwana ankaomba m'manja pamwamba pa mutu. Madala sanaime. Anakhotera kumanja, anakhoteranso kumanzere, akujambula njoka pamchenga. Atayandikira makapeti, wa ketulo uja anadzuka kuti athawe, koma madala anamupatuka mwaulemu, patali. Ndipo podutsa pamenepo anatulutsa dzanja limodzi, n'kukuwa ndi mawu omwe ndinali ndisanawamvepo:

"Mayani! Linthipe! Dedza boma! Wotsala atsale!"

Eni dziko sanamve kanthu koma anaseka. Ine ndinamva zonse, ndipo misozi inangotsika yokha.

Anazungulira n'kudzaima patsogolo panga, mchenga uli m'ndevu.

"Kwerani achimwene, tikunyamuka."

"Madala, masipuling'i tafewetsa aja. Awiri sitikwana."

"Matola sadzaza! Kwerani, tiyenda pang'ono."

Ndinadzipanikiza pakati pa msana wawo ndi rediyeta ija, fani ikundipuma m'khosi. Njinga inatsika ndithu, koma inatinyamula. Anandiyendetsa mosamala, mmene amayendetsera munthu amene wanyamula anthu moyo wake wonse, akuchepetsa moto pa kabampu kalikonse. Tinakwera chulu china chotsetsereka bwino mpaka pamwamba, ndipo anazimitsa injini. Kunali zii. Kutsogolo kunali milu ya mchenga yokhayokha, patali nyanja ikunyezimira, matenti aja akuoneka ang'onoang'ono kumbuyo.

Madala anachotsa manja pa mahandulo n'kuwayang'ana, kuseri ndi kuno.

"Sanaiwale, achimwene. Ndinkayesa anaiwala."

"Ndiye adzukulu mukawauza chiyani?"

"Ndikati agogo anu anayendetsa njinga ya pachipale m'chipululu."

"Akakhulupirira?"

"Aaa, ndani angakhulupirire bodza lotero?" Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anapukuta m'maso ndi mkono wa yunifolomu. "Asakhulupirire. Za geti zokha sindikanena."

Kumunsi abwana ankatikodola ndi manja awiri, nawo ankafuna kukwera. Ndinawauza madala kuti eni ake akuitana, titsike. Anayang'ana kumatentiko, anayang'ana mchenga wonse womwe unali mbali inayo, n'kuliza injini.

"Adikire pa siteji," anatero. "Gwirani zolimba achimwene, ndikufuna ndikhotenso."